Zida zokondedwa za mayi wophunzitsa ana pakhomo: mmene mungazipangire ndi kuzigwiritsa ntchito

Pakhomo pamene mayi akuphunzitsa yekha ana ake, zida zimene zimagwira ntchito tsiku ndi tsiku n'zochepa: bolodi, makadi a malembo, mitolo ya timitengo, thireyi ya mazira, mabotolo angapo, kope limodzi la mayiyo, ndi ndowa yotsekeka yosungiramo zonsezi. Zambiri zili kale m'nyumba mwanu. Aphunzitsi a ku Malawi amautcha mchitidwe umenewu TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pomwe muli. Timazikonda chifukwa mwana amatha kuzigwira yekha osaopa kuwononga, ndipo chimodzi chikathyoka mumapanga china madzulo omwewo. Malangizo awa ndi a mwana wa zaka 5 mpaka 8, amene akuyamba kuwerenga, kulemba ndi masamu.

Yambani ndi bolodi

Thabwa la plywood lathunthu limakhala la masentimita 244 m'litali ndi 122 m'lifupi. Mukalidula panayi mumapeza zidutswa za 122 ndi 61, ndipo chidutswa chimodzi chotere n'chokwanira. Funsani kwa kalipentala wa m'dera lanu, chifukwa nthawi zambiri amakhala ndi zotsala. Sankhani lochindikala mamilimita 9. Lopyapyala limapindika mvula ikangoyamba, ndiye choko chimadumphadumpha pakati.

Palani mbali imodzi ndi sandipepa motsatira mizere ya thabwalo mpaka dzanja liziyenda bwino, osayiwala m'mphepete momwe muli tizibanthu tobaya ana. Pukutani fumbi ndi nsalu yonyowa pang'ono, lisiyeni liume. Gulani penti ya bolodi yeniyeni. Kachitini ka theka la lita kamakwana n'kutsalako. Penti yakuda yonyezimira, ya pazitseko ija, siyoyenera, chifukwa choko chimaterera ndipo kuwala kwa pawindo kumaphimba zolembedwa. Pakani kopyapyala koyamba burashi ikuyenda chopingasa, lisiyeni usiku wonse, mawa lake pakani kachiwiri burashi ikuyenda chotsika, mkuja kachitatu. Mukapaka kamodzi kochindikala kuti muthane nazo, pamwamba pamauma pansi pakadali pofewa, ndipo penti imakwinyika. Pentani panja, pamthunzi, ana ali kutali.

Pakapita masiku atatu pali chinthu chimodzi chimene ambiri amachidumpha. Musanalembe kalikonse, gonekani choko cham'mbali n'kupaka bolodi lonse mpaka liyere, kenako fufutani ndi nsalu youma. Fumbi la choko limadzaza timaenje ta penti. Mukapanda kutero, mawu oyamba amene mudzalembe adzakhala akuonekerabe ngakhale mufufute kangati.

Kumunsi kwa bolodi jambulani mizere itatu yowongoka ndi penti yoyera, yotalikirana masentimita 6, kuti mwana aziphunzirapo kukhazika malembo pamzere. Khomani bolodi molingana ndi msinkhu wa mwanayo, pakati pake payang'anizane ndi maso ake ataimirira. Inuyo muziwerama. Windo likhale cham'mbali, osati kumbuyo kwa bolodi.

Ngati ndalama ya penti palibe, sinjani makala, sefani ndi nsalu, sakanizani ndi phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa n'kupaka kawiri pakhoma losalala. Zimatha msanga, muzibwereza pakapita milungu ingapo. Musaphwanye mabatire akale kuti mutengemo zakuda zija. Muli mankhwala oopsa, ndipo ana amagwira bolodi n'kuika zala mkamwa.

Makadi a malembo ndi maphatikizo

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa kuwerenga konse kwagona pamenepa. Chichewa chili ndi mwayi woti chimalembedwa monga mmene chimamvekera. Mwana akadziwa liwu la lembo lililonse n'kuphunzira kuphatikiza, amatha kuwerenga mawu amene sanawaonepo.

Dulani katoni ya sopo kapena ya mabisiketi m'zidutswa za masentimita 7 ndi 10. Matanipo pepala loyera ngati katoniyo ili ndi zolembedwa. Lembani lembo limodzi laling'ono pa khadi lililonse ndi maka yokhuthala: malembo a liwu, a e i o u, akhale ofiira, opanda liwu akhale akuda. Lembani mzere pansi pa lembo lililonse kuti mwana adziwe kumunsi, apo ayi n akatembenuzika amasanduka u, ndipo mwana amaoneka ngati walakwitsa chikhalirecho vuto ndi khadi. Kutani khadi ndi selotepi yotambalala kuti lisanyowe.

Musayambe ndi a, b, c, d. Tsatirani ndondomeko imene aphunzitsi a Sitandade 1 amaidziwa ndi dzina loti anikumeto: a, n, i, k, u, m, e, t, o. Malembo asanu ndi anayi amenewa amapezeka kwambiri m'Chichewa, choncho mwana amayamba kupanga mawu enieni mlungu woyamba. Akangodziwa a ndi n, wawerenga kale ana. Kuwonjezera i ndi k, wapeza ina, ika, kana. Akafika pa o amawerenga moto, mutu, mano, moni, kunena, ngakhale chiganizo chathunthu chonga Atate akumeta ana. Pangani makadi anayi a lembo la liwu lililonse ndi atatu a n, k, m ndi t, onse pamodzi 32. Kenako pangani makadi a maphatikizo, na ne ni no nu, ka ke ki ko ku, mpaka ta te ti to tu. Amenewa ndi 20. Pangani awiriawiri akhale 40, chifukwa mawu ngati atate ndi akumeta amafuna ta kawiri m'chiganizo chimodzi.

Kaphunzitsidwe kake kayende motere, mphindi 15 zokha:

1. Onetsani makadi a dzulo ndi dzana, mwana atchule liwu la lililonse.
2. Tchulani mawu atatu oyamba ndi liwu latsopano, monga moto, mutu, madzi, mwana amve kuti onse akuyamba mofanana. Khadi lisanaoneke, khutu liyambe lamva.
3. Onetsani lembolo, mwana alilembe ndi chala m'mwamba, pamchenga, kenako pabolodi.
4. Ikani m kumanzere ndi a kumanja, motalikirana. Kokerani m pang'onopang'ono uku mukutalikitsa liwu lake mpaka ligunde a: mmm-a, ma. Sinthani a muike e, i, o, u.
5. Mwana apange mawu awiri ndi makadi a maphatikizo, awawerenge, awakopere m'kope.

Malembo awiri pa mlungu n'ngokwana. Cholakwika chachikulu ndicho kuphunzitsa mayina a malembo a Chingerezi m'malo mwa maliwu. Mwana amene wauzidwa kuti m ndi "emu" akaona ma amawerenga "emua", ndipo kumuchotsa chizolowezi chimenecho kumatenga nthawi yaitali kuposa kumuphunzitsa bwino poyamba. China ndi kuloweza mndandanda ngati nyimbo: mwana amaimba ma me mi mo mu bwinobwino, koma mukamuonetsa mo payekha amangoti kakasi. Muzisakaniza makadi nthawi zonse. Malembo b ndi d asiyanitseni ndi milungu iwiri kapena itatu. Kuwatembenuza pa msinkhu umenewu n'kofala ndipo sikufunika kukalipira.

Akazolowera maphatikizo a malembo awiri, lowani mu mb, nd, mw, ny, kenako a malembo atatu ndi anayi monga nkh, mph ndi ntch. Pa malembo okhala ndi h, gwiritsani mawu awiriawiri osiyana pa mpweya wokha: pala ndi phala, kola ndi khola, ponya ndi phonya. Mwana aike chikhatho patsogolo pa kamwa, amve mpweya ukumuomba pa mawu achiwiriwo. Chitani chimodzimodzi ndi ngoma ndi ng'ombe, kuti aone ntchito ya kachizindikiro kamene kali pakati pa g ndi o mu ng'ombe. Pa l ndi r, muuzeni kuti kawirikawiri r amalembedwa pambuyo pa e kapena i, monga lero ndi mpira. Amene muli ku Zambia kumbukirani kuti mabuku akumeneko amalemba c pamene a ku Malawi amalemba ch. Sankhani kalembedwe kamodzi mpaka mwana akhazikike, kenako mudzamuonetse kalembedwe kachiwiriko.

Timitengo, thireyi ya mazira ndi kasitolo

Dulani timitengo 100 tofanana, totalika ngati chala cha munthu wamkulu, ta nsungwi kapena bango. Dulaninso timizere ta chubu chakale cha njinga tomangira. Mwana yekha awerenge timitengo khumi n'kumanga mtolo, mpaka mitolo isanu ndi inayi, khumi totsalato tikhale tosamanga. Pabolodi lembani mzere wotsika; kumanzere kwa makumi, kumanja kwa timodzitimodzi. Mukanena 34, iye aike mitolo itatu ndi timitengo tinayi, ndiye alembe nambalayo.

Ubwino wa mitoloyi umaonekera pa kuchotsera kobwereka. Pa 32 kuchotsa 17, mwana ali ndi mitolo itatu ndi timitengo tiwiri, ndipo sangachotse tisanu ndi tiwiri pa tiwiri. Musamuuze chochita, mufunseni kuti timitengo tina tili kuti. Akamasula mtolo umodzi amakhala ndi mitolo iwiri ndi timitengo 12. Achotsa 7 patsala 5, achotsa mtolo umodzi patsala umodzi, yankho 15. Mwana amene sanamasulepo mtolo ndi manja ake amakonda kuchotsa nambala yaing'ono pa yaikulu paliponse, n'kulemba 25. Mukaona yankho lotere, siyani pensulo mubwerere ku timitengo. Powonkhetsa lamulo ndi limodzi: timitengo tosamanga tikakwana khumi, timangidwe n'kusamukira kumanzere.

Thireyi ya mazira 30 ili ndi mizere isanu ya maenje asanu ndi limodzi. Mukaidula bwino mumapeza zidutswa zitatu, chilichonse cha mizere iwiri ya maenje asanu. Chidutswa chimodzi chotere chimaphunzitsa manambala opanga khumi: ikani zitsekerero za mabotolo 7, mwana aone maenje atatu opanda kanthu. Bwerezani mpaka aziyankha osawerenga chimodzichimodzi. Thireyi yosadula isungeni ya kuchulukitsa, chifukwa mizere itatu ya zitsekerero zinayi ndi 12, ndipo mukaitembenuza mwana amaona yekha kuti mizere inayi ya zitatu ndi 12 yomweyo. Ngati pakhomo pali bawo, ndi chida chinanso chabwino: maenje 32 m'mizere inayi ndi nkhomo 64, kuwerenga kosatopetsa agogo ali pomwepo.

Chenjezo lofunika: pakhomo pamene pali mwana wosakwana zaka zitatu, zitsekerero ndi nyemba zisasiyidwe pansi, chifukwa amameza kapena kulowetsa m'mphuno. Mbewu zogula zopakidwa mankhwala, zofiira kapena zobiriwira zija, musawerengetsere mwana.

Lachisanu masamu akhale a kasitolo. Sonkhanitsani mapaketi opanda kanthu a shuga, mchere, machesi ndi sopo, lembanipo mitengo yosavuta, dulani mapepala akhale ndalama za K50, K100, K200, K500 ndi K1,000. Mwana akhale wogulitsa, chifukwa wogulitsa ndiye amawerengera chenji. Muphunzitseni kuwerenga chokwera, kuyambira pa mtengo wa chinthu mpaka pa ndalama imene walandira, monga amachitira a pamsika.

M'khitchini

Mwana wanjala samva, choncho phala liyambe, phunziro pambuyo. Ufa wa phala la mtundu wa Likuni umapangidwa ndi makapu anayi a chimanga pa kapu imodzi ya soya. Soyayo akazingidwe mpaka afiirire ndi kununkhira, mumupete kuchotsa makoko, ndiye mukagayitse pamodzi ndi chimanga. Soya wosakazinga amanunkha chiwisi ndipo amavutitsa m'mimba. Mwana ndiye ayeze, inu mufunse: chimanga chikakhala makapu 8, soya akhale angati? Nanga 12? Theka ndi kota aphunzire podula chigumu kapena nthochi, zidutswazo azilinganiza kuti aone kuti theka lenileni liyenera kufanana ndi linzake. Moto ndi mpeni wakuthwa zikhale m'manja mwanu.

Mabotolo a sayansi

Viikani nyemba zisanu ndi zinayi za kudya usiku wonse. Tengani mabotolo atatu oonekera mkati, kulungani nyuzipepala n'kuilowetsa kuti itsamire m'mbali, ndipo lowetsani nyemba zitatu pakati pa pepala ndi botolo, chapakati osati pansi. M'mabotolo awiri thirani madzi okwera sentimita imodzi kapena awiri kuti pepala lizikoka lokha. Limodzi la awiriwa liikeni pawindo, lina m'kabati mwamdima. Lachitatu likhale ndi pepala louma. Muzu umatuluka pakati pa masiku awiri ndi anayi, koma mu Juni ndi Julayi umachedwerapo chifukwa cha kuzizira. Mwana ajambule zimene akuona tsiku lililonse, ndi deti lake. Nyemba za mumdima zimameranso, koma zimatalika mowonda ndi kuyezuka. Zouma zija sizipita patali. Mufunseni chimene akuganiza musanamufotokozere. Nyemba zikamira m'madzi zimaola n'kununkha chifukwa chosowa mpweya, ndipo ili ndilo vuto lofala.

Choyezera mvula chimafuna botolo lapulasitiki la malita awiri lowongoka m'mbali. Dulani kumutu pamene botolo layamba kuwongoka, tembenuzani chodulacho chikhale fanulo n'kuchimata ndi selotepi. Pansi pa botolo pamakhala mabampu, choncho ikanimo timiyala n'kuthira madzi mpaka apitirire mabampuwo. Pamenepo ndiye pa 0. Matani rula kunja, 0 wake ayang'anizane ndi madziwo. Liikeni pabwalo, kutali ndi denga ndi mitengo, mulitchinge ndi njerwa kuti mphepo kapena nkhuku zisaligwetse. Mwana awerenge mamilimita ola limodzimodzi mmawa uliwonse, alembe, akhuthule mpaka madzi abwerere pa 0. Dzuwa likaumitsa madzi apansiwo, wonjezerani, apo ayi mvula yotsatira idzaoneka yochepa. Kuyambira Novembala mpaka Epulo amakhala ndi manambala ake enieni owonkhetsa mlungu ndi mlungu, ndipo amawasamala kuposa masamu a m'buku.

Kope la mayi ndi dongosolo la tsiku

Mwa zida zonse, chimene timachiika patsogolo ndi kope wamba limene mwana saligwira. Tsiku lililonse lembani mizere itatu: deti, zimene mwachita, ndi pamene mwana anakakamira. Mizere ngati "wasokoneza n ndi m" kapena "wamasula mtolo yekha" ndi imene imakuuzani poyambira mawa. Chinthu chimodzi chikalembedwa masiku atatu otsatizana, musawonjezere nthawi kapena kukweza mawu, bwererani sitepe imodzi m'mbuyo. Kawirikawiri chimene chasowa chili pa phunziro lapitalo.

Phunzitsani mmawa kusanatenthe. Mwana wa zaka 6 amakwanitsa mphindi 15 za kuwerenga, 10 za kulemba, kupuma panja, 15 za masamu, ndi zina 15 za botolo kapena khitchini. Zonse sizifika ola ndi theka, ndipo n'zokwana chifukwa mphunzitsi ali ndi mwana mmodzi kapena awiri basi. Ngati ana ali awiri osiyana misinkhu, wamkulu azikopera m'kope pamene mukuphunzitsa wamng'ono, kenako musinthane. Wamng'ono kwambiri mupatseni choko ndi ngodya yake ya bolodi. Akapanda kupatsidwa chochita amadzipezera yekha pakati pa makadi anu.

Madzulo, pa nyale ya sola, muwerengereni mokweza mphindi 15, ngakhale atayamba kuwerenga yekha. Nthano za pakamwa zisasowe: inu muti "Padangokhala", iye ayankhe "Tili tonse", mawa lake ndiye akufotokozereni nthanoyo mwa iye yekha. Mukailemba m'mawu akewo pamapepala anayi opinda pakati n'kusoka ndi ulusi, mwapanga buku limene adzaliwerenga kambirimbiri. Mabuku ena kabwerekeni ku National Library Service, imene ili ndi nthambi ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi m'maboma ena.

Musaphunzitse mongoganizira. Pezani buku la ophunzira la kalasi ya msinkhu wa mwana wanu. Silabasi ya pulayimale imakonzedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo ana amalowa Sitandade 1 ali ndi zaka 6. Kumapeto kwa teremu iliyonse yerekezani kope lanu ndi mitu ya m'bukulo. Mayeso a PSLCE a Sitandade 8 amayendetsedwa ndi bungwe la mayeso la MANEB, choncho pitani msanga ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu mukafotokoze kuti mwana akuphunzira pakhomo ndi kumva za kalembetsedwe, osadikira chaka cha mayeso. Amene muli ku South Africa, ku Britain kapena kwina, tsatirani malamulo a kumeneko, chifukwa amasiyana dziko ndi dziko. Ndipo masana mwana azikasewera ndi anzake, phada, mpira kapena fulaye. Zimenezo bolodi silingamupatse.

Ndowa yosungira

Katoni yoikidwa pansi imadyedwa ndi chiswe ndi makoswe, ndipo nthawi yadzinja choko chimanyowa n'kumaphwanyika. Gwiritsani ndowa yapulasitiki ya malita 20 yokhala ndi chivindikiro, muikhazike pampando kapena panjerwa. Mkati, chilichonse chikhale m'jumbo kapena m'chitini chake: makadi a malembo, makadi a maphatikizo, mitolo, zitsekerero, ndalama za kasitolo. Choko chikhale m'botolo lotsekeka, mutulutse ziwiri zokha pa tsiku. Pensulo yaitali iduleni pakati, chifukwa yaifupi imagwirika bwino m'kadzanja kakang'ono ndipo ikatayika simwataya yonse. Makadi amene simunafikepo asungeni padera, mwana asawaone onse nthawi imodzi.

Kulongedza ndi ntchito ya mwana, mphindi zisanu kumapeto kwa phunziro, inu mukuyang'ana. Lachisanu, kasitolo kakatsekedwa, werengani naye makadi ndi timitengo. Khadi losowa lilembedwenso tsiku lomwelo, ndipo mtolo uliwonse umasulidwe n'kuwerengedwa, chifukwa mtolo wa timitengo 9 wobisala pakati pa anzake umalakwitsa masamu a mlungu wonse wotsatira.